MASANJE A AKULUAKULU: KUPITA NDI ANA KU MSASA WA MAKEDZANA

Chaka chilichonse, kumapeto kwa mwezi wa Julaye, dambo lina la m'chigawo cha Pennsylvania, kumpoto kwa mzinda wa Pittsburgh ku America, limasanduka mudzi wa mahema. Anthu amene masiku onse ndi aphunzitsi, anamwino, amakaniko, maloya ndi oyendetsa malole amaimika magalimoto awo patali, navula zovala za kuntchito, n'kuvala mikanjo, nduwira ndi zisoti zachitsulo zonga za anthu a ku Ulaya amene anafa zaka 600 kapena 800 zapitazo. Kwa masabata awiri amagona m'mahema, amaotha moto wa nkhuni, amaitanana ndi maina achilendo, ndipo mzinga ukalira amakhamukira kubwalo kukamenya nkhondo yopanda maliro. Msonkhano umenewu dzina lake ndi Pennsic War, ndipo m'zaka zambiri anthu ofikako amakwana 10,000 kapena kuposerapo.

Pakati pa khamu lotere pamapezekanso ana: makanda a kumsana, ana ongoyamba kuyenda, ndi anyamata ndi asungwana a msinkhu wa sukulu. Ena anabadwira m'mabanja amene akhala akupita kumeneko kwa zaka zambiri, ndipo kwa iwo hema ndi nyumba yachiwiri. Koma chaka chilichonse pamafikanso mabanja achilendo, amene sanagonepo m'hema chibadwire, atanyamula ana aang'ono ndi mitima iwiri. Mtima wina umati ana akaone ndi maso zimene anzawo amangowerenga m'mabuku. Mtima wina umafunsa ngati n'kwanzeru kutengera mwana wa zaka 3 kumalo kumene kuli moto pakhomo lililonse, dziwe lalikulu pafupi, mivi ndi mikondo, ndi anthu zikwizikwi osawadziwa. Mitima yonse iwiri ili ndi mfundo, ndipo kholo limene limvera umodzi wokha limalakwa.

Chiyambi chake

Eni msonkhanowu ndi bungwe lotchedwa Society for Creative Anachronism, kapena SCA mwachidule. Linayamba pa 1 Meyi 1966 mumzinda wa Berkeley ku California, pamene kagulu ka achinyamata okonda mbiri yakale ndi nthano kanachita mpikisano wa malupanga oyerekeza kuseri kwa nyumba, pongofuna kusangalala tsiku limodzi. Liwu lakuti anachronism limatanthauza chinthu chopezeka m'nyengo imene si yake, monga wotchi pamkono wa mfumu ya makedzana. Lero bungweli lili ndi maufumu 20 ongoyerekeza. Ambiri ali ku America ndi ku Canada. Umodzi ndi wa Australia ndi New Zealand, ndipo wina, wotchedwa Drachenwald, ukuphatikiza Ulaya ndi Africa, mpaka timagulu ta ku South Africa. Cholinga chawo ndi kuphunzira moyo wa anthu amene anakhalako chisanafike chaka cha 1600 mwa kuchita zimene iwo ankachita: kuomba nsalu, kusula, kuphika, kuvina, kulemba ndi nthenga ndi kumenya nkhondo.

Nkhondo ya Pennsic inayamba mu 1972 pakati pa ufumu wa East ndi ufumu wa Middle, ndipo kuyambira mu 1977 imachitikira pamalo otchedwa Cooper's Lake. Inalephereka mu 2020 ndi mu 2021 kaamba ka mliri wa Covid-19, kotero kuti ya nambala 50 inachitika mu 2023. Madzulo pamoto amasimba nthano ya chiyambi chake. Akuti David Friedman, mwana wa katswiri wa zachuma Milton Friedman, ali mfumu ya Middle anatumiza uthenga wa nkhondo ku East, koma eni ake sanaulabadire. Atasamukira kum'mawa nalowa ufumu wa kumeneko, anaupeza uthenga uja, nauvomera, n'kugonja. Motero amamukumbukira monga mfumu imene inadziputa yokha nkhondo n'kuluza.

Munthu amene anakulira m'mudzi wa ku Malawi sangavutike kumvetsa zimenezi. Pambuyo pa kukolola ana ankamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, wina nakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, wina fisi. Ankaphika nsima yeniyeni m'timiphika, ndipo ngakhale onse ankadziwa kuti ndi masanje, wophwanya malamulo ake ankaimbidwa mlandu. Pennsic ndi masanje a akuluakulu. Mfumu yake siilowa ufumu mwa magazi monga Kalonga Gawa Undi amene Achewa amakamulambira ku Mkaika m'boma la Katete. Imaupata mwa kupambana mpikisano wa malupanga, ilamulira pafupifupi miyezi 6, n'kutula chisoti kwa wina. Komabe ikamadutsa anthu amaipatsa njira naiweramira, ndipo mwana wa mlendo ayenera kuuzidwa zonse ziwiri: kuti munthuyo Lolemba lina adzabwerera kuntchito kwake, ndi kuti kumsasa amapatsidwa ulemu.

Safunsa anadya phula

Banja limene likufuna kupita koyamba, mwachitsanzo bambo, mayi ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 3, limachita bwino likayamba ndi kagulu ka SCA ka m'dera lake. Timagulu tambiri tili ndi munthu wolandira alendo, amene amamutcha chatelaine, ndiponso mtolo wa zovala zobwereketsa wotchedwa Gold Key. Anthu ozolowera amalangiza alendo kuti asayambire pa Pennsic. Ayambe ndi msonkhano wa tsiku limodzi, kenaka wa usiku umodzi kapena uwiri, kuti aone ngati wamng'ono amagona m'hema, ngati wamkulu amalola kuvala mkanjo, ndi ngati makolo eni ake akadali pa mtendere m'mawa mwake. Mwana amene walira usiku wonse pamtunda wa ola limodzi kuchokera kunyumba amabwezedwa kwawo. Amene walira ku Pennsylvania banja litayenda ulendo wa masiku awiri alibe kothawira.

Ku Pennsic malo omangapo mahema amagawidwa kwa magulu molingana ndi chiwerengero cha anthu amene analembetsa nthawi ikadalipo. Tsono banja lachilendo limapindula likalowa m'gulu lokhazikika, makamaka limene lili ndi ana ena, pakuti magulu otere amakhala ndi khitchini imodzi, bafa, mthunzi wokhalapo masana, ndi anthu odziwa kumene kuli madzi, zimbudzi ndi a chithandizo choyamba. Pachipata aliyense amalandira mendulo ya nambala imene amayenda nayo masiku onse. Mwana amaloledwa kulowa ali ndi kholo lake kapena womusunga mwalamulo, ndipo wobwera ndi mwana wa mwini ayenera kukhala ndi zikalata zachilolezo.

Za zovala alendo amada nkhawa mopitirira. Lamulo limangofuna kuti munthu ayesetse kuvala monga ankavalira chisanafike chaka cha 1600, ndipo kuyesetsako n'kokwanira. Chovala cha mwana ndi nsalu yopindidwa pawiri, yoboola pakhosi, yosokedwa m'mbali kusiya manja, yomangidwa ndi lamba m'chiuno. Mayi wodziwa kusoka amaisoka yaikulu, napinda mpendero kuti chaka chamawa adzangomasula. Nsalu ikhale ya thonje kapena ya bafuta, pakuti nsalu zapulasitiki zimasunga thukuta ndipo zikagwira moto zimasungunukira pakhungu. Mwana wamng'ono amadetsa mikanjo iwiri pa tsiku. Pafunikanso chipewa cha dzuwa, chofunda cha ubweya cha usiku, ndi nsapato zolimba zimene anazizolowera kale, ngakhale zikhale za makono. Palibe munthu wanzeru amene amadzudzula thewera, magalasi a maso, mankhwala kapena mafuta oteteza kudzuwa. Ndipo katundu amene makolo amamuyamikira koposa ndi kangolo kokoka ndi dzanja, chifukwa msasawo ndi waukulu, ndipo mwana wa zaka 3 miyendo imamuthera pakati pa njira.

Liwu limodzi

Asananyamuke, pali liwu limodzi limene ana ayenera kuliphunzira kunyumba, ndilo lakuti "Hold". Pabwalo la nkhondo pamakhala oyang'anira onyamula ndodo, ndipo akaona choopsa, monga chisoti chovuka kapena mwana wolowa m'bwalo, amafuula liwu limeneli. Aliyense wolimva amalibwereza naima chilili pomwe ali, ngakhale lupanga lili m'mwamba. Makolo amalisandutsa sewero: ana athamange pabwalo la nyumba, liwu likamveka aume ngati chitsa. Pamodzi ndi liwuli aphunzire kuti chingwe chozungulira bwalo sadumpha, kuti kumene akuponya mivi sapitako okha, ndi kuti chida cha mwini sakhudza asanapemphe. Malupanga omenyera nkhondo ndi a mtengo wa rattan, wofanana ndi nsungwi koma wosabooka m'kati. Koma pamsika amagulitsa mipeni yachitsulo yakuthwa, ndipo anthu ambiri amayenda ndi mpeni palamba.

Nkhondo yeniyeniyo imafunanso kuwakonzekeretsa ana. Mzinga umalira mogonthetsa m'khutu, anthu mazanamazana amathamangitsana, zishango zikuwombana, ndipo womenyedwa amagwa pansi monga wakufa. Mwana amene sanauzidwe, poona atate ake atagwa m'fumbi, amalira kulira kwenikweni. Auzidwe pasadakhale kuti onse adzadzuka. Koma m'kugwako muli phunziro limene mphunzitsi aliyense angalisirire. Palibe woweruza amene amalengeza kuti uje wafa. Womenyedwa yekha ndiye amavomera kuti nkhonyayo ikadakhala ya lupanga lenileni ikadamupha, nagwa mwa kufuna kwake. Akamenyedwa mwendo amagwada namenya chogwada. Akamenyedwa mkono amaubisa kumbuyo. Mwana wa zaka 6 amatha kuona kuti munthu wamkulu, wamphamvu, wavomera kugonja popanda womukakamiza, ndi kuti wokana nkhonya mbiri yake imaipa msasa wonse.

Moto ndi madzi

Zida zimaopsa maso, koma si ndizo zimene zimavulaza ana kawirikawiri. Mu 1986 katswiri wa mbiri yakale Barbara Hanawalt anafalitsa zimene anapeza m'zolemba za akuluakulu ofufuza za imfa zadzidzidzi ku Mangalande m'zaka za m'ma 1200 mpaka 1400. Zolembazo zimaonetsa kuti makanda ambiri amene anafa pangozi anapsera m'chogonera chawo pafupi ndi moto, makolo atatuluka kukagwira ntchito, ndipo ana oyamba kuyenda ankagwera m'zitsime, m'maiwe, m'ngalande ndi m'miphika ya madzi otentha. Anthu akamanga msasa wa makedzana amamanganso ngozi za makedzana. Dzenje la moto limakhala lotentha m'mawa ngakhale phulusa likuoneka lozizira. Kandulo m'hema wa nsalu ndi tsoka lodikira nthawi. Chidebe cha madzi chosavundikira chimakwanira kumiza mwana wa chaka chimodzi. Zingwe za mahema zimakola mwendo mumdima, ndipo pansi pake pali zikhomo.

Dzuwa nalo ndi mdani. Mu Julaye ndi Ogasiti kutentha ku Pennsylvania kumapitirira madigiri 30 masiku ena, mpweya uli wachinyezi, ndipo mvula yamkuntho imagwa mwadzidzidzi n'kusandutsa misewu matope. Mwana ali pa sewero sakumbukira ludzu. Kholo ndilo limwetsa ola lililonse. Akayamba kukodza pang'ono, kufooka, kapena kulira popanda misozi, apite naye pamthunzi ndi kwa achipatala msanga. Madzulo aliwonse thupi lake lifufuzidwe, m'tsitsi, kuseri kwa makutu ndi m'khwapa, pakuti chigawo chimenechi chili ndi nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme, ndipo nkhupakupa ikachotsedwa tsiku lomwelo kawirikawiri imakhala isanapatsire matenda.

Mdani wosavala chisoti

Pali ngozi ina imene anthu sakonda kuitchula pamoto. Mu 2012 bungwe la SCA linavomera kulipira madola 1.3 miliyoni pothetsa mlandu wa ana 11 amene anachitidwa zachipongwe ndi membala wina ku Pennsylvania. Zoipazo zinkachitikira kunyumba kwa munthuyo, iye anavomera mlandu m'bwalo la boma, ndipo bungwe linamuchotsa. Masiku ano woyang'anira zochita za ana amafufuzidwa mbiri yake, ndipo pa zochita zotere payenera kukhala akuluakulu awiri osakhala a banja limodzi. Malamulo amenewa ndi abwino, koma salowa m'malo mwa diso la kholo. Mkanjo wokongola ndi dzina laulemu sizisintha mtima wa munthu.

Kumsasa mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umagwiradi ntchito: mwana wosochera amapeza msanga womubweza. Komabe pamene pakhala akuluakulu khumi pamthunzi, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana ana, ndipo mwana amasowa onse ali pomwepo. Mabanja ozolowera amatchula dzina la munthu mmodzi amene ali ndi ana nthawi imeneyo, ndipo iye akafuna kuchoka amapereka udindowo ndi pakamwa, winayo navomera. Amalemba dzina la kholo ndi la msasa pa kansalu, naisokerera pa chovala cha mwana. Amamuonetsanso mbendera ya pachipata chawo, pakuti kwa mwana mahema oyera onse ndi amodzi. Ndipo zochita za ana si kosiyako ana. Wamng'ono amapita ndi kholo lake, nabwera nalo.

Nthawi nayo imafuna kugawana mwachilungamo. Maphwando amachedwa kuyamba, bwalo la mfumu limatalika, ng'oma zimalira mpaka usiku m'zigawo zina za msasa. Mwana amene wadumphitsidwa tulo ta masana ndi chakudya chimene anachizolowera amasanduka chilombo dzuwa likamalowa. Mkangano umene umabuka m'mahema ambiri ndi wakuti kholo limodzi lili kunkhondo kapena kumaphunziro tsiku lonse, linzake likuchapa matewera m'chidebe. Banja lotere silibwereranso chaka chamawa. Apangane asanachoke kunyumba: m'mawa ndi wa uyu, masana ndi a uyo, ndipo pa zinthu khumi zimene akufuna kuona akhutire ndi zitatu.

Zimene mwana amatola

Nanga mavuto onsewa phindu lake n'chiyani? Mu 1960 wolemba mbiri wa ku France, Philippe Ariès, ananena kuti anthu a makedzana sankazindikira ubwana monga nyengo yapadera. Akatswiri ena, monga Nicholas Orme mu 2001, anatsutsa zimenezo ndi umboni wochuluka. M'matope a mtsinje wa Thames ku London munapezeka kachidole ka msilikali wokwera kavalo, kopangidwa cha m'ma 1300. Chithunzi chimene Pieter Bruegel anajambula mu 1560, chosungidwa ku Vienna, chimaonetsa ana oposa 200 akusewera masewera pafupifupi 80: kukwapula nguli, kugubuduza mkombero, kudumphana pamsana, kugwirana wina atamangidwa m'maso, kukwera kavalo wa ndodo. Masewera omwewa amadzuka kumsasa. Ana amene kunyumba satukula maso pa foni amapezeka akuthamangitsana m'fumbi tsiku lonse ndi anzawo amene akumana nawo m'mawa.

Pali maphunziro mazanamazana ophunzitsidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo ena ndi a ana: kupota ulusi, kuluka zingwe, kuvina, kujambula zishango. Kuyambira zaka 6 mpaka 17 mwana angaphunzire kumenya ndi zida zokutidwa ndi zofewa, atavala chisoti, pakati pa anzake a msinkhu wake. Ana okulirapo amakoka tingolo kukagulira anthu madzi oundana, napatsidwa kangachepe. Mwana amene wapota ulusi kwa ola lonse n'kupeza kachingwe kosakwana kusokera thumba amayang'ana malaya ake ndi maso ena. Pano pali chinthu chimene wowerenga wa kuno angachiseke, ndipo sangalakwe: makolo a ku America amalipira ndalama kuti ana awo akatunge madzi ndi kutola nkhuni kwa masabata awiri, pamene ana ambiri a m'midzi ya mu Africa amachita zomwezo chaka chonse, ndipo kwa iwo si masanje.

Chikomekome cha mkuyu

Eni bungweli amavomera okha kuti amayerekeza nyengo ya makedzana monga ikadayenera kukhalira, atachotsamo mliri, njala ndi ukapolo. Kumsasa aliyense amatengedwa kuti ndi wa banja lolemekezeka, pamene ku Ulaya kwa nthawiyo pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse anali alimi, ambiri olimira mbuye wawo. Akatswiri amayerekeza kuti mwana mmodzi mwa 4 alionse ankafa asanakwanitse chaka, ndipo pafupifupi theka sankafika pa ukulu. Mliri wa pakati pa 1347 ndi 1351 unapha munthu mmodzi mwa 3 alionse ku Ulaya, mwinanso kuposerapo. Mwana wamwamuna wa banja lolemekezeka ankachotsedwa kwa mayi wake ali ndi zaka pafupifupi 7 kukatumikira m'nyumba ya mbuye wina. Ndipo pa nkhondo zenizenizo akugwa sankadzuka mzinga ukalira kachiwiri.

Apa ndi pamene ntchito ya kholo ndi ya mphunzitsi imayambira. Mwana wa zaka 3 asiyidwe ndi kavalo wake wa ndodo. Wa zaka 6 angauzidwe kuti ana akale ambiri ankadwala popanda mankhwala, ndi kuti nkhondo yeniyeni imasiya amasiye. Wa zaka 12 angafunsidwe kuti pa anthu onse ovala zachifumu aja, ndani akadalima tirigu. Angauzidwenso kuti nyengoyo sinali ya Ulaya yekha: m'zaka zomwezo malinga a miyala a Great Zimbabwe anali kumangidwa, ndipo mu 1324 Mansa Musa wa ku Mali anadabwitsa mzinda wa Cairo ndi golide wake pa ulendo wa ku Mecca. Msasa umatsegula chitseko cha mafunso. Ukasiyidwa wokha umaphunzitsa mwana kuti kale linali phwando.

Tsiku lomaliza magalimoto amaloledwa kubwerera, mafumu amavala makabudula, ndipo mudzi wa mahema umapasuka. Zikhomo zimazulidwa ndi kuwerengedwa, maenje a moto amakwiriridwa, ndipo pamene panali hema pamatsala udzu wachikasu. Banja lachilendo lija mwina silinaone nkhondo yaikulu chifukwa wamng'ono anali m'tulo, mwina linagona usiku umodzi m'galimoto pothawa mvula, ndipo mikanjo yonse ili m'thumba ikununkha utsi. Koma ngati ana onse awiri akwera galimoto opanda chilonda cha moto, ndipo wamkulu akufunsa kuti anthu akale ankatani dzino likawawa, ulendowo sunapite pachabe. Liwu lija nalo limapita nawo kunyumba, ndipo tsiku limene wamng'ono adzathamangira mpira kumsewu lidzagwira ntchito yake.